ZA UMOYO M'BANJA: Mlonda wa Mpweya Wathu Akaodzera

Mwezi uno tikambirana za tulo tina timene munthu sagona mwa iye yekha, koma amachita kugonekedwa ndi a chipatala pofuna kumchita opareshoni. M'midzi yathu ya kwa Kalolo, kwa Kabudula ndi kwa Khongoni, ndi banja liti limene lilibe mbale amene adaloŵapo m'chipinda chija timati fiyeta? Wina ndi mayi amene njira idakanika pa nthaŵi yochira, wina ndi bambo wa nthenda ya chophukacho, wina ndi mnyamata amene adathyoka mwendo pa ngozi ya njinga pamsewu wa ku Mchinji. Onseŵa amaloŵa m'chipindamo ndi funso limodzi mumtima, lakuti, “Kodi akandigoneka ndidzadzukanso?”

Funso limeneli si lachibwana, ndipo sitifuna kuliyankha mongotonthoza. Zoona zake n'zakuti anthu ochuluka koposa amadzuka bwino lomwe, ndipo kukana opareshoni chifukwa cha mantha n'koopsa kuposa tulo take. Komabe pali chinthu chimodzi chimene banja lililonse liyenera kudziŵa. Mankhwala ogonetsa amene wodwala amapuma kudzera m'mphuno ndi m'kamwa amagonetsa maganizo ndi kuletsa ululu, koma amaodzeretsanso mbali ya ubongo imene imayendetsa kupuma. Pa nthaŵi imeneyo mpweya wa wodwala umakhala m'manja mwa anthu ena, ndipo ena mwa anthuwo ndi ife amene timadwazika matenda.

Mlonda amene sitimuona

Munthu wamkulu akakhala phee amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi imodzi, ndiye kuti pafupifupi ka 20,000 pa tsiku. Khanda lobadwa kumene limapuma ka 30 mpaka ka 60 pa mphindi. Palibe mmodzi wa ife amene amachita kukumbukira kuti apume, ndipo ngakhale tigone tulo tofa nato, chifuwa chimakwerabe ndi kutsika mpaka mbandakucha. Nanga amayendetsa ntchito imeneyi ndani?

Kunsi kwa ubongo, cha kunkhongo, pamene ubongo umalumikizana ndi mtsempha waukulu wa mumsana, pali kachigawo kotalika ngati masentimita atatu kamene madokotala amati medulla. Kameneko ndiye mlonda wa mpweya wathu. M'chaka cha 1991 akatswiri a ku America, Jeffrey Smith, Jack Feldman ndi anzawo, pofufuza ubongo wa makoswe obadwa kumene, adapeza m'kachigawoka kagulu ka maselo kamene kamayambitsa kupuma kulikonse. Lamulo lochokera pamenepo limatsikira ku mnofu waukulu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, ku minofu ya pakati pa nthiti, ndiponso ku minofu ya lilime ndi ya kummero imene imasunga njira ya mpweya kuti ikhale yotseguka.

Mlondayu ali ndi amithenga aŵiri omuuza za mmene thupi lilili. Woyamba amanena za mpweya woipa, wotchedwa carbon dioxide, umene thupi limapanga likamagwira ntchito. Mpweya umenewu ukachuluka m'magazi, maselo ena a pafupi ndi mlondayo amamva msanga, ndipo kupuma kumakula. Ana osambira mu mtsinje wa Bua akamapikisana kumira, chimene chimaŵavuula m'madzi ali ŵefuŵefu makamaka ndi mthenga ameneyu. Wachiŵiri amanena za mpweya wabwino, okosijeni. Mbali zonse ziŵiri za khosi, pamene mtsempha waukulu wopita kumutu umachita mphanda, pali kanthu kochepa ngati njere ya mpunga. Okosijeni ikachepa m'magazi, tinthu tiŵiri timeneti timatumiza mfuu ku ubongo kuti munthu apume mwamphamvu. Corneille Heymans wa ku Belgium adalandira mphotho ya Nobel ya chaka cha 1938 chifukwa choonetsa mmene mithenga yochokera m'khosi imalamulira kupuma.

Palinso chitetezo china pakhomo penipeni pa mapapo, ndicho kutsokomola ndi kumeza. Kambeŵu ka chimanga kakasochera kummero timatsamwa ndi kutsokomola mpaka katuluke. Popanda chitetezo chimenechi, malovu ndi masanzi zikadamatsikira m'mapapo.

Mankhwala akaloŵa m'thupi

Mankhwala ogonetsa ochita kupuma, monga ether, halothane, isoflurane ndi sevoflurane, amakhala ngati madzi m'botolo, koma sachedwa kusanduka nthunzi. Makina amasakaniza nthunziyo ndi mpweya, wodwala n'kupuma. Kuchokera m'mapapo imaloŵa m'magazi, ndipo magazi amapita nayo ku ubongo. Kumeneko imaonjezera mphamvu ya mankhwala achilengedwe amene ubongo umatontholetsera maselo ake, monga aja otchedwa GABA, ndiponso imachititsa maselo ambiri kukhala ovuta kudzutsa. Potuluka, gawo lalikulu la nthunziyo limadzera njira yomwe idaloŵera, ndiyo mapapo. Motero wodwala amene akupuma mopereŵera amachedwanso kutulutsa mankhwalawo.

Pali zinthu zinayi zimene zimachitikira kupuma. Choyamba, munthu amayamba kupuma mofulumira koma mosazama, ndipo minofu ya pakati pa nthiti imafooka msanga kuposa mnofu waukulu uja. Mpweya woloŵa ndi kutuluka pa mphindi umachepa, mpweya woipa n'kuyamba kuunjikana m'magazi.

Chachiŵiri, mlonda uja amaleka kumva bwino mthenga woyamba. Mpweya woipa umene ukadamdzidzimutsa munthu wamaso, wogonekedwa saulabadira kwenikweni. Mankhwala akamachuluka, kugontha kumeneku kumakulanso, mpaka kupuma kungathe kuimiratu.

Chachitatu ndicho chimene tifuna kuti musaiŵale. Mthenga wachiŵiri, wonena za kuchepa kwa okosijeni, amatsekedwa pakamwa ndi mankhwala ochepa zedi. M'chaka cha 1978 madokotala aŵiri a ku Canada, Richard Knill ndi Adrian Gelb, adaonetsa kuti halothane wokwana gawo limodzi chabe mwa magawo khumi a muyeso wochitira opareshoni amafooketsa kwambiri mfuu imeneyi. Muyeso wochepa chotere ndi umene umatsalira m'thupi opareshoni itangotha. Tsono wodwala angathe kutsegula maso ndi kuyankha dzina lake, pamene thupi lake silinayambe kudzitchinjiriza mokwanira okosijeni ikachepa.

Chachinayi, minofu ya lilime ndi ya kummero imalefuka. Munthu akagona chagada, lilime limagwera kumbuyo ndi kutseka njira. Kutsokomola ndi kumeza nakonso kumafooka, kotero kuti chimene chili m'mimba chikabwerera, palibe chochiletsa kuloŵa m'mapapo.

Wina angafunse kuti, ngati zili choncho, anthu amapulumuka bwanji? Amapulumuka chifukwa mlonda wa mpweya ndi mmodzi wa omalizira kugona. Kuzindikira ndi kumva ululu zimayamba kuchoka iye akadali pantchito. Dokotala wa ku America, Arthur Guedel, m'buku lake la mu 1937 adagaŵa tulo ta ether m'masitepe anayi. Opareshoni imachitika pa sitepe yachitatu, ndipo yachinayi ndi pamene kupuma kumaima. Ofufuza a pa University of Virginia adaonetsanso mu 2010, pogwiritsa ntchito makoswe ndi mbeŵa, kuti isoflurane amadzutsa ena mwa maselo omva mpweya woipa, chinthu chimene chimathandiza kuti kupuma kusazimiretu. Pakati pa sitepe yachitatu ndi yachinayi pali mpata, ndipo ntchito ya wogonetsa odwala ndi kusunga munthu mumpata umenewo. Kupuma kukachepa, iye amanyamula chibwano, amaika kapaipi kummero, ndipo amampumira wodwalayo pofinya thumba la mpweya kapena ndi makina.

Phunziro lochokera kwa akale

Pa 16 Okutobala 1846, William Morton adaonetsa poyera ku Boston kuti ether angagonetse munthu n'kuchitidwa opareshoni osamva ululu. Mu Novembala 1847, James Young Simpson wa ku Edinburgh adayamba kugwiritsa ntchito chloroform, ndipo adathandiza nayo amayi pochira. Poyankha amene akadati kuchotsa ululu n'kutsutsana ndi Malembo, Simpson adakumbutsa anthu kuti Adamu adagonetsedwa tulo tatikulu nthiti yake isanachotsedwe. Mu 1853 Mfumukazi Victoria idalandira chloroform kwa dokotala John Snow pobereka mwana wake wachisanu ndi chitatu.

Koma chisangalalo chidabwera pamodzi ndi misozi. Pa 28 Januwale 1848, mtsikana wa zaka 15, Hannah Greener, adamwalira kufupi ndi Newcastle atapatsidwa chloroform pofuna kungomchotsa chikhadabo cha kuphazi. Kwa zaka zambiri madokotala adatsutsana. A ku Edinburgh ankaphunzitsa kuti wogonetsa aziyang'anitsitsa kupuma, pamene Snow ku London ankachenjeza za mtima ndi za muyeso wa mankhwala. Pambuyo pake zidadziŵika kuti chloroform angathe kuimitsa zonse ziŵiri, ndipo adasiyidwa. Chimene chidatsala pa mkanganowo ndi lamulo limene likutsatidwa mpaka lero, lakuti munthu wogonekedwa asasiyidwe yekha ngakhale kwa mphindi imodzi. Ubongo ukasoŵa okosijeni kwa mphindi zinayi kapena zisanu umayamba kuonongeka.

Kuno kwathu ku Malaŵi

Kwa zaka zambiri zipatala za maboma ndi za mishoni m'dziko muno zinkadalira ether. Anali wotsika mtengo, ndipo ubwino wake waukulu unali wakuti safooketsa kupuma msanga, kotero ankatheka kuperekedwa ndi mpweya wamba kumene kunalibe okosijeni ya m'masilinda. Kuipa kwake kunali kwakuti sachedwa kuyaka moto ndiponso amasanzitsa. Halothane, amene adayamba kugwiritsidwa ntchito ku Manchester mu 1956, sayaka ndipo sanyansa kupuma, koma amafooketsa kupuma ndi mtima kuposa ether, motero amafuna okosijeni yoonjezera.

Dokotala Paul Fenton, amene adagwira ntchito pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuyambira 1986 mpaka 2001, adathandiza kukhazikitsa maphunziro a ogonetsa odwala m'dziko muno. Adalimbikitsanso makina osefa okosijeni kuchokera mumpweya wamba, ndipo adakonza makina ogonetsera amene amagwirabe ntchito magetsi akazima. Mpaka lero opareshoni zambiri m'Malaŵi amagonetsa ndi ma clinical officer amene adachita maphunziro apadera a ntchitoyi. Anthu ameneŵa sitiŵatchula kaŵirikaŵiri poyamikira, pakuti timakumbukira amene adagwira mpeni, koma ndiwo amakhala kumutu kwa wodwala kusunga mpweya wake.

Masiku ano ali ndi zida zoŵathandiza. Kachipangizo kopana chala kaja, kamene kamalira molingana ndi kugunda kwa mtima, kamayeza okosijeni m'magazi. Mwa munthu wabwinobwino kamaonetsa 95 kapena kuposa, ndipo kakatsika pansi pa 90 ndiye kuti pakufunika kuchitapo kanthu msanga. Nzeru yake adaitulukira ndi Takuo Aoyagi wa ku Japan m'zaka za m'ma 1970, ndipo bungwe la Lifebox, limene lidayamba mu 2011, lagaŵa tizipangizo totere m'zipatala za m'Malaŵi. Kachipangizoka kamagwira ntchito ya mthenga wachiŵiri uja pamene iye wagona.

Palinso njira zina zosafuna nthunzi. Amayi ambiri ochira kudzera pa opareshoni amabayidwa jakisoni wa pamsana amene amachititsa dzanzi kuyambira m'mimba mpaka kumapazi. Mayi amakhala maso, amapuma yekha, ndipo amamva kulira koyamba kwa mwana wake. Dzanzilo limatha patapita maola ochepa. A chipatala akasankha njira imeneyi, tisaikane chifukwa cha mphekesera za pachitsime, pakuti imasiya mlonda wa mpweya ali maso. Ngati mayi ali pa tebulo akumva kuti kupuma kukumvuta, anene pomwepo. Mankhwala ena ndi ketamine, wobaya, amene kaŵirikaŵiri safooketsa kupuma kwambiri, ngakhale amachulukitsa malovu ndi kulotetsa zachilendo.

Anthu a ku Namitete, Mpingu, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma akafuna opareshoni yaikulu ambiri amapita ku chipatala cha St Gabriel ku Namitondo, chimene masisitere a ku Luxembourg adachiyambitsa mu 1959, kapena amatumizidwa mumzinda ku Bwaila ndi ku Kamuzu Central, chimene chidatsegulidwa mu 1977. Kulikonse kumene tingapite, pali chiŵerengero china chimene tiyenera kuchisinkhasinkha. Pakati pa 1998 ndi 2000, Fenton ndi anzake adasonkhanitsa mbiri ya amayi 8,070 amene adachira kudzera pa opareshoni m'zipatala 25 za m'dziko muno. Amayi 85 adamwalira, ndipo mwa ameneŵa 65 adamwalira ali ku wodi, opareshoni itatha kale. Ambiri mwa amayi ameneŵa adafika mochedwa, ali ndi mavuto monga kung'ambika kwa chiberekero, kutaya magazi ndi kuloŵedwa tizilombo, kotero si kupuma kokha kumene kudaŵatenga. Koma phunziro lake n'loonekeratu. Ngozi siithera pakhomo pa fiyeta. Maola otsatira, pamene wogonetsa wabwerera kukathandiza wina ndipo namwino mmodzi ali ndi odwala ambiri, ndi nthaŵi yofunika maso a abale.

Tsiku lisanafike

Udindo wathu woyamba ndi kusunga lamulo la kusadya. Mu 1946 dokotala Curtis Mendelson wa ku New York adafotokoza za amayi 66 amene zam'mimba zidaŵaloŵa m'mapapo atagonekedwa pochira. Ena adatsamwa ndi chakudya cholimba, ena mapapo awo adapsa ndi madzi oŵaŵa a m'mimba. Chifukwa cha zotere, lamulo lofala ndi lakuti munthu asadye kwa maola 6 opareshoni isanachitike, khanda lisayamwe kwa maola 4, ndipo madzi okha angamwedwe mpaka kutatsala maola aŵiri. A chipatala akapereka nthaŵi zina zosiyana ndi izi, tsatirani zawozo. Dziŵani kuti phala, thobwa, maheu ndi tiyi wa mkaka zonsezi ndi chakudya.

Apa ndi pamene chifundo chimapha. Mwana akulira njala m'maŵa, mayi kapena agogo amamva chisoni, n'kumpatsa kachidutswa ka mandasi mobisa, poganiza kuti kochepa sikangalakwe. Mimba siidziŵa kuti n'kochepa. Ngati wodwala walaŵa kanthu, nenani. Kuli bwino kudzudzulidwa ndi kudikira maola ena kusiyana ndi kuika mwana pangozi. Pa opareshoni yadzidzidzi, pamene palibe nthaŵi yodikira, wogonetsa ali ndi njira yake yotetezera mapapo, koma ayenera kudziŵa nthaŵi yeniyeni imene wodwala adadya komaliza ndi chimene adadya.

Udindo wachiŵiri ndi kunena zoona pa mafunso onse. Akuluakulu adati wobisa matenda maliro adzamuulula. Muuzeni wogonetsa ngati mumamwa moŵa, ngakhale muli ndi udindo mumpingo ndipo mukuchita manyazi, pakuti iye safuna kukuweruzani koma kuyeza muyeso woyenera. Muuzeni za fodya wosuta kapena wofwenkha, za mphumu, za chifuwa chachikulu, za kuthamanga kwa magazi, ndi za mankhwala onse amene mukumwa, a kuchipatala ndi achikuda omwe. Mayi amene wamwetsedwa mwanamphepo anene, chifukwa mankhwala ameneŵa angathe kulimbitsa matenda mopitirira mpaka chiberekero kung'ambika. Nenani ngati mumaliza mkonono waukulu usiku, pakuti ndi chizindikiro chakuti njira yanu ya mpweya imatsekeka msanga. Nenani ngati muli ndi dzino logwedera, ngati mwana ali ndi chimfine kapena chifuwa, ndiponso ngati wina wa ku mtundu wanu adavutikapo atagonekedwa, chifukwa mavuto ena otere amayenda m'magazi.

Ife a dera lino ndife alimi a fodya, ndipo ambiri amene amalima amasutanso. Wosuta amene wapatsidwa tsiku la opareshoni ayesetse kuleka masabata angapo tsikulo lisanafike, kuti mapapo ayere. Ngakhale tsiku limodzi losasuta limathandiza magazi kunyamula okosijeni yochuluka. Amayi oyembekezera amene auzidwa kukadikira ku chipatala apite nthaŵi ikadalipo, pakuti wofika ali ndi mphamvu amapirira tulo ta opareshoni kuposa wofika atatheratu.

Ntchito ya wodwazika

Wodwala akabwera ku wodi, abale amapuma mpweya wa chimwemwe, ena n'kutuluka kukaimba foni kumudzi. Koma tanena kale kuti mlonda uja amachedwa kutsitsimuka. Pamwamba pa izo, wodwala amapatsidwa mankhwala amphamvu oletsa ululu, monga pethidine kapena morphine, amene nawonso amachepetsa kupuma. Mankhwalaŵa ndi ofunika ndipo tisaŵakane, koma akakumana ndi otsalira a ku fiyeta, mphamvu yawo pa kupuma imaŵirikiza. Motero usiku woyamba wodwazika akhale pafupi ndi bedi, ndipo ngati alipo aŵiri azisinthana kugona.

Yang'anani chifuwa, ndipo ŵerengani kupuma kwa mphindi yathunthu pogwiritsa ntchito wotchi ya pafoni. Munthu wamkulu akamapuma kosakwana ka 10 pa mphindi, kapena akamaima nthaŵi yaitali asanapumenso, itanani namwino. Mkonono waukulu, kapena phokoso longa la madzi kummero, ambiri timaliyesa chizindikiro cha tulo tabwino, n'kumati, “Musaŵadzutse, apumuleko.” Kwa munthu wochokera ku fiyeta phokoso limeneli lingatanthauze kuti lilime kapena masanzi zatseka njira. Muitaneni dzina lake, mgwedezeni paphewa. Ngati sakudzuka, kapena akuvuta kudzutsa kuposa mmene analili ola lapitalo, musadikire kuti kuche. Onaninso lilime ndi m'kati mwa milomo ngati zayamba kuda kapena kutuŵa. Kuphiriphitha ndi kubwebweta nthaŵi zina kumadza chifukwa cha kuchepa kwa okosijeni, ndiye musangomgwira manja ndi kumkalipira. Thukuta lozizira, kuyera kwa m'zikhatho ndi magazi ochuluka pa nsalu n'zofunanso kunena msanga.

Wodwala akayamba kusanza ali ndi tulo, mtembenuzireni chammbali kuti masanzi atuluke, ndipo wina athamangire namwino. Funsani anamwino kagonedwe koyenera pa opareshoni imene yachitika. Musamfunditse bulangeti kapena chitenje kumaso. Musampatse chakudya, madzi kapena mankhwala a m'chikwama mwanu mpaka a chipatala atalola. Amayi a Chigwirizano ndi ena onse odzazonda matenda, chakudya chimene mwanyamula tsiku loyambalo chipatseni wodwazika, amene akufunika mphamvu zochezera usiku.

Tinenepo za okosijeni. M'midzi yathu muli mbiri yakuti munthu akaikidwa timapaipi ta mpweya m'mphuno ndiye kuti wapita, ndipo ena amachotsa timapaipito anamwino akatembenuka. Mbiriyi idayamba chifukwa okosijeni inkapatsidwa kwa odwala okhaokha amene anali kale kayakaya. Okosijeni ndi gawo la mpweya womwe timapuma tsiku ndi tsiku, magawo 21 pa 100 aliwonse. Kwa wochokera ku fiyeta, amene mthenga wake wachiŵiri sanadzuke, mpweya woonjezerawo ndi umene umamtchinjiriza. Kuuchotsa n'kumlanda chitetezo pa nthaŵi imene sangathe kudandaula.

Ena amaopa kuitana namwino, poganiza kuti aoneka ovuta kapena akalipiridwa. Lankhulani mwaulemu, koma nenani chenicheni chimene mwaona, monga kuti, “Pepani amayi, ndaŵerenga, akupuma ka 8 pa mphindi ndipo sakudzuka.” Mawu otere amamveka msanga kuposa kungoti wodwala sali bwino. Ngati mwaitana pachabe palibe chimene chatayika. Safunsa adadya phula.

Amene wachitidwa opareshoni yaing'ono n'kutulutsidwa tsiku lomwelo asabwerere yekha, asapalase njinga kapena kuyendetsa njinga yamoto, asamwe moŵa, ndipo usiku umenewo agone pafupi ndi munthu wamkulu.

Kwa inu achinyamata

Mlonda amene tamfotokozayu ndi yemweyo amene amagonetsedwa ndi moŵa waukali ndi mapiritsi ogonetsa, makamaka zikasakanizidwa. Mnzanu akaledzera mpaka kukomoka, musamsiye chagada kuti adzadzuka yekha. Mgonekeni chammbali, muyang'anireni kupuma, ndipo ngati sakudzuka mtengereni kuchipatala. Kusiyana kwa iye ndi wodwala wa ku fiyeta n'kwakuti wa ku fiyeta ali ndi munthu wophunzira kumutu kwake, pamene woledzera ali ndi inu nokha.

Ndipo inu amene mukukonzekera mayeso a Fomu 4 ndipo mumakonda masamu ndi sayansi, ganizirani za ntchito yogonetsa odwala. Dziko lathu lili ndi anthu ochepa a ntchitoyi poyerekeza ndi odwala ofuna opareshoni. Maphunziro a zachipatala amapezeka ku Malawi College of Health Sciences ndi ku Kamuzu University of Health Sciences. Ndi ntchito yofuna munthu wodekha ndi wokhulupirika, amene sachoka pamalo pake ngakhale palibe womuona.

Makolo, kambiranani nkhaniyi pabanja matenda asanagwe, kuti tsiku limene mmodzi wa ife adzagonekedwe, otsala adzadziŵe chochita. Asadzampatse chakudya mobisa, adzanene zoona kwa wogonetsa, ndipo usiku woyamba adzakhale pambali pa bedi akuŵerenga kupuma kwake kufikira atadzuka bwinobwino. Tidzakumananso mwezi wamaŵa.